Zilembo zonenepa zopendekera: zabwino pamutu, zoopsa pa deti

Anzanga, ngati mutu wa nkhaniyi munauona muli cha kumtengo wa mango uko n'kubwera kudzaima pano, ndiye kuti zilembo zili pamwambazi zagwira ntchito yake. Ine ndi amene ndimalemba mitu ya nkhani za pabolodi lino kuyambira ndili Fomu 2. Ambiri mumandifunsa kuti zilembo zonenepa zotsamira kumanja zija ndinaziphunzira kuti, ena mpaka mumandipatsa makope kuti ndikulembereni dzina pachikuto. Lero ndati ndifotokoze zonse: dzina lake, kumene zinachokera, ntchito imene zimaitha, komanso malo amene siziyenera kupondapo. Mbali yomalizayi ndinaiphunzira ndi manyazi, ndipo a Fomu 4 ena mwadziwa kale chimene ndikunena.

Tsiku limene 13 anasanduka 18

Teremu yathayi, madamu amene amayang'anira magazini yathuyi anandituma kulemba chidziwitso choti wojambula zithunzi za ma ID abwera Lachitatu pa 13, aliyense abwere ndi ndalama komanso yunifomu yochapa. Ine pofuna kuonetsa luso, ndinalemba chidziwitso chonse, kuyambira kumutu mpaka pansi, m'zilembo zonenepa zopendekera. Zilembo zimenezi zimadya malo, ndiye pepala linandithera. Ndinachotsa liwu loti Lachitatu, ndati deti yokha ikwanira. Tsono maka inali yatsopano, inki inayenderera pa manila, timitu tiwiri ta 3 uja tinakakumana ndi pakati pake. Kuyang'ana uli chapatali, 13 ankaoneka 18.

Lachitatu litafika, anthu ambiri a Fomu 4 analibe ndalama m'thumba, akudikira Lolemba. Wojambula anajambula amene anali okonzeka n'kumapita. Otsalawo anachita kukajambulitsa okha kuboma, ena pa kabaza, ena wapansi. Mnzanga wina amene amachokera kutsidya kwa mtsinje anajomba tsiku lathunthu, ndipo amayi ake anagulitsa nkhuku kuti apeze thiransipoti. Sanandikalipire ayi. Anangoti, "Aise, zinali zokongola, koma sitinamve." Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kufufuza kuti zilembo zimenezi anazipangira chiyani kwenikweni.

Zinthu zitatu m'chilembo chimodzi

Mtundu wa zilembo pakompyuta timautcha fonti. Umene ndikunenawu uli ndi zizindikiro zitatu, ndipo chilichonse chinabadwira kwakekwake, panthawi yakeyake.

Choyamba ndi timapazi. Yang'anani chilembo cha T kapena M m'mabuku ambiri a mulaibulale, muona kuti kumapeto kwa mzere uliwonse kuli kamzere kakang'ono kopingasa, ngati chilembocho chavala nsapato. Pachingerezi timapazi timeneti amati serif. Tinachokera ku Rome wakale, kumene ankasema mawu pamiyala. Chitsanzo chotchuka ndi mawu amene ali patsinde pa chipilala cha mfumu Trajan, chimene anachimaliza m'chaka cha 113, ndipo chikadalipo mpaka lero. Akatswiri ambiri amati amisiriwo ankayamba ajambula zilembo ndi burashi asanaseme, ndiye kamchira kamene burashi imasiya pomaliza mzere nakonso ankakasema. Fonti ya Times New Roman, imene anaipangira nyuzipepala ya The Times ya ku London mu 1932, ili ndi timapazi. Arial ilibe.

Chachiwiri ndi kupendekera, kumene amati italic chifukwa kunachokera ku Italy. Mu 1501, mumzinda wa Venice, wosindikiza mabuku dzina lake Aldus Manutius anatulutsa ndakatulo za Virgil m'kabuku kakang'ono koti munthu n'kuyenda nako m'manja. Zilembo zake anasema ndi Francesco Griffo, potengera mmene anthu ophunzira a nthawi imeneyo ankalembera pamanja. Buku lonse linali la zilembo zopendekera, kupatula zilembo zazikulu zimene zinali zoongoka. Patapita zaka, osindikiza anasiya kulemba mabuku athunthu chonchi, n'kumagwiritsa ntchito zopendekerazo pofuna kusiyanitsa liwu limodzi ndi anzake. Mukukumbukira ku Biology kuti dzina la chimanga, Zea mays, m'buku limakhala lopendekera, koma ife m'kope timalidula mzere kunsi? Ndi ntchito yomweyo. Mzerewo umaimira kupendekera kumene dzanja silingaonetse bwino.

Chachitatu ndi kunenepa, kumene amati bold. Ichi ndiye chachichepere pa zonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, mzinda wa London unali ukukula kwambiri, ndipo makoma ake anadzaza ndi mapepala otsatsa malonda: za lotale, za zisudzo, za okushoni, za ngolo zonyamula anthu. Zilembo za m'buku zinali zowonda, munthu wodutsa mumsewu sankaziona. Ndiye opanga zilembo anatenga mtundu wa zilembo umene anautchukitsa Giambattista Bodoni wa ku Parma ndi banja la Didot la ku Paris, umene uli ndi mizere ina yokhuthala ina yowonda, n'kunenepetsa yokhuthalayo mopitirira muyeso, yowondayo n'kuisiya ngati tsitsi. Anazitcha fat face, kutanthauza nkhope yonenepa. Munthu amene amatchulidwa kawirikawiri pa chiyambi chake ndi Robert Thorne. Iye atamwalira mu 1820, fakitale yake anaigula William Thorowgood, ndipo nkhani imati ndalama zake anawina pa lotale. Zonenepa zopendekera zinatuluka nthawi yomweyo, popeza pakhoma lodzaza mapepala, chilembo chotsamira chinkaoneka ngati chikuthamanga pamene zinzake zangoima.

Ndiye mukaphatikiza zitatuzi, miyala ya ku Rome, dzanja la ku Venice ndi malonda a ku London, mwapeza chilembo chili pamwamba pa nkhaniyi.

Anachipangira kuitana

Pali liwu lachinayi limene opanga mafonti amawonjezera: display. Limatanthauza kuti fontiyo anaipangira kulemba mawu ochepa, akuluakulu, oonekera patali, osati ndime za nkhani. Ili ndiye liwu limene ine sindinkalidziwa teremu yatha ija.

Kukula kwa zilembo pakompyuta amayeza ndi mapointi. Mapointi 72 ndi inchi imodzi, imene ndi masentimita 2.54. Nkhani za m'buku nthawi zambiri zimakhala pakati pa 10 ndi 12. Zilembo zoitanira zimayamba kuoneka bwino cha m'ma 24, 36 kupita m'mwamba. Kale, pamene chilembo chilichonse chinali kachitsulo kosungunula, zikuluzikulu zinkalemera komanso zinkakwera mtengo. Mpake kuti mu 1828 Darius Wells wa ku New York anatulutsa kabuku kotsatsa zilembo zosema pamtengo. Mtengo ndi wopepuka, ndiye zinatheka kusindikiza zilembo zazitali ngati mkono wa munthu.

Tsono n'chifukwa chiyani chilembo chimenechi chimakoka maso? Kunenepa kumaika inki yambiri pamalo amodzi, ndiye diso limayamba kugwera pamenepo. Kupendekera kumaphwanya mizere yoongoka imene tazolowera, ya zitseko, mawindo ndi njerwa. Timapazi ndi timichira timachipatsa ulemu pang'ono, sichioneka ngati chikwangwani cha pamsewu. Ndiye chimakhala bwino pamutu wa nkhani, pa dzina la kalabu, pachikuto cha buku, pa positala ya mpira kapena ya disiko, pa dzina la shopu. Mukapita pa tireding'i senta, taonani mmene amalembera amisiri a zikwangwani odziwa ntchito yawo. Dzina la golosale kapena la malo ometera limakhala lalikulu, lotsamira, nthawi zina lokhala ndi mthunzi. Koma mitengo ya katundu ndi nambala ya foni amalemba zoongoka, zosavuta. Iwo sanawerenge za Thorne, koma akudziwa kuti dzina ndi loitanira kasitomala, pamene nambala ndi yoti munthu akopere osalakwitsa.

Pamene chimalephera

Chinthu choyamba chimene ndinazindikira n'choti diso siliwerenga zakuda zokha. Limawerenganso zoyera, timabowo ta m'kati mwa a, e, o, ndi mipata ya pakati pa zilembo. Chilembo chikanenepa, chimadya timabowo timeneti. Pa chilembo chachikulu palibe vuto, bowo limatsalabe. Koma mukachichepetsa, e amafanana ndi o, ndipo 3, 6, 8 ndi 9 amakhala ngati ana a mayi mmodzi. Mu fat face, 3 ali ndi timipira tiwiri kumapeto, ndipo timipira timeneti ndi timene tinandipachika.

Chachiwiri ndi mizere yowonda ija. Mukapanga fotokope, makamaka inki ikamatha, mizere yangati tsitsi imasowa, n'kutsala zidutswa zakuda zosalumikizana. H amangokhala mizati iwiri. Dzuwa la pakhonde pano nalo limayamba kufufuta yowondayo.

Chachitatu ndi malo. Mawu athu a Chichewa ndi aatali. Liwu loti Chidziwitso lili ndi zilembo 11. Mukati Chidziwitso chofunika kwambiri m'zilembo zonenepa, theka la manila lapita musananene chilichonse. Ine masiku ano ndimangolemba kuti Tamvani! Zilembo 7 basi, malo otsalawo ndi a uthenga.

Chachinayi chimakhudza Chichewa chathu mwapadera. Kachizindikiro ka pa ng' n'kakang'ono, ndipo zilembo zikatsamirana kamamezedwa ndi chilembo chotsatira. Mukalemba positala yoti a kalabu ya magule abweretse ng'oma, kachizindikiroko n'kusowa, mwawauza kuti abweretse ngoma, nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana ija. Palinso ŵ wa kadenga amene timamuona m'mabuku ena, monga polemba Malaŵi. Mafonti ambiri okongoletsa alibe chilembo chimenechi. Mukachitayipa, kompyuta imabwereka ŵ wa fonti ina, wowonda, n'kumuika pakati pa zonenepa, kapena imangoika kabokosi. Yesani kaye musanapulinte.

Chachisanu ndi kutopetsa. Munthu mmodzi akakuwa pa asembule, tonse timacheuka. Koma tonse tikamakuwa, palibe amene akumveka. Pepala limene mawu onse ndi onenepa lilibe mutu, lilibe thupi, diso silidziwa poyambira. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Mukapeza mwayi wa kompyuta

Ndikudziwa kuti ambirife kompyuta timaigwira mwa apo ndi apo, koma mukaipeza, mu Microsoft Word muli zoti muyese. Njira yachidule ndi kusankha Times New Roman, n'kudina Ctrl ndi B kuti zinenepe, kenako Ctrl ndi I kuti zipendekere. Zimenezo n'zokwanira pa timitu ting'onoting'ono. Mukafuna fat face yeniyeni, fufuzani Bodoni MT Black kapena Elephant, zimene zimapezeka m'makompyuta ambiri okhala ndi Microsoft Office, ndipo zonse zili ndi zopendekera zake.

Palinso Cooper Black, imene anaijambula Oswald Cooper ku Chicago n'kutuluka mu 1922, yopendekera yake mu 1926. Imeneyi ndi yonenepa mofewa, timapazi take ndi tozungulira ngati tapangidwa ndi dothi, ndipo ilibe mizere yangati tsitsi. Ndi imene kampani ya ndege ya easyJet imalembera dzina lake. Kwa ife ubwino wake ndi woti imapirira fotokope.

Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi. Pali kupendekera kwenikweni ndi kupendekera kwachinyengo. Mu italic yeniyeni, wojambula amachita kujambula zilembo zatsopano: a amataya kadenga kake n'kukhala ngati amene timalemba pamanja, f amatsitsa mchira kunsi kwa mzere. Koma ngati fontiyo ilibe yopendekera yake m'kompyutamo, mukadina I kompyuta imangokankha zilembo zoongoka kuti zitsamire, ngati nyumba yowombedwa ndi mphepo. O amaphwanyika, mizere ina imawonda molakwika. Njira yodziwira ndi kuyang'ana a ndi f. Ngati sanasinthe maonekedwe, dziwani kuti kompyuta yangokankha.

Kulemba pamanja

Popeza bolodi lathu timalemba ndi maka, nayi njira imene ndimatsata.

Ndimayamba ndi pensulo ndi rula. Ndimajambula mizere itatu yopingasa: wapansi poimira zilembo, wapakati pofika zilembo zing'onozing'ono monga a ndi n, ndi wapamwamba pofika zikuluzikulu. Kenako ndimatenga protractor ya ku Masamu ija n'kujambula mizere yotsamira, madigiri 12 kuchoka pa mzere woongoka, motalikirana zala ziwiri. Zilembo zambiri zopendekera zimatsamira pakati pa madigiri 10 ndi 15. Mukapitirira pamenepo zimaoneka ngati zikugwa. Chofunika kwambiri n'choti zonse zitsamire mofanana, chifukwa chimodzi chikaima chokha, diso limachigwira msanga.

Kukula kwake ndimatsata lamulo la olemba zikwangwani: masentimita awiri ndi theka pa mamita atatu aliwonse amene wowerenga watalikira. Kuchokera pano kukafika pa mango paja ndi mamita ngati 10, ndiye zilembo za mutu zimafunika masentimita 8.

Ndikatero ndimajambula mafupa a zilembo ndi mzere umodzi wa pensulo, liwu lonse, kuti ndione ngati likwana. Kenako ndiye ndimaika mnofu. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, amanenepetsa paliponse. Lamulo lake linachokera ku cholembera cha kukamwa kophwatalala chimene alembi akale ankagwiritsa ntchito: mzere wotsika umakhuthala, wokwera ndi wopingasa umawonda. Ndiye pa A, mwendo wakumanja ndi wonenepa, wakumanzere wowonda. Pa V ndi mosemphanitsa. Pa N, mizati iwiri ndi yowonda, wodutsa pakati ndiye wonenepa. Pa O, m'mbali ndi monenepa, pamwamba ndi pansi ndi powonda. Mukasemphanitsa, ngakhale munthu wosadziwa lamuloli amaona kuti chinachake sichili bwino.

Timapazi ndimamalizira. Ndikamadzaza inki, ndimayamba ndazunguliza m'mphepete ndi bolopeni yakuda, kenako maka m'kati. Timabowo ndimatisiya tokulirapo kuposa mmene ndikufunira, chifukwa manila amamwa inki ndipo imayenderera. Inki ikauma ndiye ndimafufuta pensulo. Musafulumire, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chinanso, musalembe mutu wonse m'zilembo zikuluzikulu zokhazokha zopendekera. Zing'onozing'ono zili ndi mitu ndi michira, monga b, d, g, y, imene imathandiza diso kuzindikira liwu msanga. Zikuluzikulu zokhazokha zimangokhala ngati mpanda.

Mmene ndimagawira pepala tsopano

Chidziwitso chilichonse ndimachigawa patatu. Mutu, mawu osapitirira anayi, ndi umene umalandira zilembo zonenepa zopendekera. Uthenga ndimaulemba m'zilembo wamba zoongoka. Deti, nthawi, malo ndi ndalama ndimaziika pamzere wawokha, zazikulu koma zoongoka, manambala otseguka bwino, ndipo dzina la tsiku silichoka ngakhale malo athe. Likanakhalapo liwu loti Lachitatu tsiku lija, aliyense akanadziwa kuti 18 sangakhale, popeza linali Lolemba. Malo akachepa, chochepetsa ndi mutu, osati uthenga.

Pomaliza ndimachita mayeso amene madamu anandiphunzitsa nkhani ija itachitika. Ndimapachika pepala pakhoma, n'kuitana wa Fomu 1 amene sakudziwa chimene ndalemba, n'kumuimika mapazi khumi kuchokera pabolodi kuti awerenge mokweza. Ine sindingadziyese ndekha, chifukwa ndikudziwa kale zimene zalembedwa, ndiye diso langa limaona 13 ngakhale pali 18. Akakakamira paliponse, ndimalembanso. Manila ndi okwera mtengo, inde, koma saposa nkhuku ya mayi a munthu.

Sindikunena kuti tisiye zilembo zimenezi ayi. Ndimazikonda mpaka pano, ndipo popanda izo ena a inu simukanaima pano kuwerenga mpaka mzere uno, eti? Koma taonani kuti kuchokera pamutu paja, zonse mwawerengazi ndi zilembo wamba. Zonenepa zinakuitanani, zoongoka ndi zimene zakuuzani nkhani.

Chaka chamawa ndikhala Fomu 4, mayeso adzandipanikiza, ndiye bolodi lino likufuna dzanja lina. A Fomu 1 ndi Fomu 2, anyamata ndi atsikana omwe, amene mukufuna kuphunzira, tikumane Lachisanu tikaweruka, m'kalasi ya Fomu 3. Bwerani ndi pensulo, rula, protractor ndi pepala lililonse, ngakhale la kope lakale. Maka ndibweretsa ndine. Tidzayamba ndi manambala, ndipo woyamba kuphunzira ndi 3.